Ba Manija Adwala Shuga

Atate anga, a Jameson Chabwera, anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi awiri ndi zitatu pa kampani ina ya boma m'tauni muno mu Lusaka, ndipo tsiku limene kampaniyo inatsekedwa anabwera kunyumba ndi mtengo. Ndikunena mtengo weniweni, wa masamba aakulu okhuthala, uja amautcha wa labala. Chinali chaka cha 1995, nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wa madzulo. Anthu odzatseka maofesi anatulutsa maluwa onse n'kuwaunjika pafupi ndi zinyalala. Atate anatola wa mu ofesi ya manija, anaumangirira pa njinga, n'kuyenda akukankha kuchokera m'tauni mpaka kwathu ku Mtendere. Ankaopa kuti akapalasa uthyoka.

Amayi anga, a Rosemary, atawaona anaseka mpaka kukhala pansi pakhomo.

"Jameson, banzanu bapita kusakila nchito, imwe mwabwela na chimtengo? Tizadya masamba?"

"Ukanafa kumeneko," anatero atate.

Amayi anatsegula chitseko chonse n'kugwada pang'ono mwachipongwe. "Ngenani Ba Manija, mutilamulileko na ise."

Dzina linakhala lomwelo. Ba Manija anapatsidwa ndowa yakale yobooka pansi ndi malo pawindo la pabalaza, pamene dzuwa la m'mawa linkafika. Amayi amene anawaseka aja ndi amene anadzawakonda kuposa tonse.

Atate anabadwira ku Matero. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, ndipo ngakhale atate anapondako ku Malawi kamodzi kokha, pamaliro, chilankhulo cha kumudzi sanachitaye. Iwo ankati zinthu, ife ana tinkati vinthu, ndipo tinkawaseka kuti amalankhula ngati Baibulo. Anali munthu wamfupi, wofatsa, wosachulutsa mawu. Ntchito itatha anayamba kukonza njinga ndi maambulera pakhonde, koma taye sanaisiye. Munthu ankabwera ndi tayala lophulika n'kupeza mkulu wovala taye akumuyembekezera ndi pampu.

Pa chinthu chimodzi chokha atate anali ouma mtima, ndicho shuga. Amayi ankaphika zitumbuwa n'kumagulitsa pa geti la sukulu. Chaka china ndili wamng'ono anayamba kuonda ndi kumwa madzi ambiri. Amene anazindikira anali atate: m'mawa uliwonse ankapeza nyerere zitadzaza pamene amayi ataya madzi. Anawatengera ku kiliniki, ndipo kumeneko anati ndi matenda a shuga. Kuyambira tsiku limenelo atate anasanduka wapolisi. Chitini cha shuga anachiika mu sutikesi yawo n'kukhoma, kiyi m'thumba. Shuga wa zitumbuwa ankayeza okha n'kuimirira pomwepo mpaka alowe mu ufa.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri amayi anamwa tiyi wopanda shuga. M'mawa uliwonse ankapempha, mawu ake omwewo.

"Jameson, kasipuni kamozi chabe."

"Iyayi, Rosemary. Adokotala anakaniza."

Atate ankathira masipuni atatu m'kapu yawo, koma ankatakasa atatembenukira kukhoma, pang'onopang'ono, kuti sipuni isalire. Amayi ankamva ndithu. Ankamwa wawo wowawayo akung'ung'udza, ndipo akamaliza ankathira madzi ozizira mu tipoti, n'kukhuthulira pa dothi la Ba Manija pamodzi ndi masamba a tiyi otsala. Ankati, "Imwani, na imwe mulibe shuga." Loweruka lililonse ankatenga kansalu konyowa n'kupukuta tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi, akuimba nyimbo za kwaya.

Amayi anatisiya mu Ogasiti 1997. Maliro atatha, abale awo anakhala pamphasa kugawana katundu wa malemu monga mwa mwambo: zitenje, nsapato, mapoto, ngakhale chiwaya cha zitumbuwa. Ba Manija palibe anawayang'ana. Kapu ya amayi, yachitsulo, yobenthuka pamlomo, nayonso inatsala chifukwa inali yakale kwambiri.

Ine dzina langa ndine Cathrine, mwana wawo wotsala yekha mu Lusaka. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa, ndikukhala ku Kalikiliki, ndipo ndinkagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Mtendere. Kuchokera kwanga kupita kumsika njira imadutsa pafupi ndi nyumba ya atate, koma ine ndinkapitako Loweruka lokha, kukachapa ndi kukolopa. Ndinkalowa ngati mphepo, kufunsa ngati adya, kuwakalipira kuti akuonda, n'kutuluka. Mtima wanga ndi wapachala, ndipo chisoni changa chimatuluka ngati mkwiyo. Ndinatengera amayi pakamwa koma osati pa kuseka.

Mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake, ndinalowa pabalaza ndipo patapata wanga anakakamira pansi. Pafupi ndi windo simenti yonse inali yomata. Ndinakolopa, Loweruka lotsatira ndinapeza yamatanso. Nditayang'ana Ba Manija ndinaona masamba akunyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo nditagwira limodzi zala zinamatana. Masamba ena anali ndi zakuda ngati mwaye, ena achikasu, atatu atagwa kale. Nyerere zinali zitapanga mzere kuchokera pawindo, kukwera ndowa, mpaka kunsonga.

Ndinafotokozera Kafula, mnzanga wa benchi yoyandikana nayo kumsika, amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Kafula sasowa yankho pa chilichonse.

"Mwandi, iyo ni misozi. Chimtengo chilila mwine wake. Vinthu va so siviyenela kunkhala mu nyumba, vimadonsa munthu. Siuona batate bako mwamene bayondela? Chosa, ushoke."

Sindinganame kuti ndinakhulupirira zonse, koma mawu akuti chimakoka munthu anandilowa. Ndinali nditaika kale amayi m'manda, ndipo atate malaya anali atayamba kuwakulira. Ndinachita mantha. Lachinayi madzulo ndinapita kwawo n'kuima pakhomo manja m'chiuno.

"Batate, ichi chimtengo chichoka pa Sande. Tikachoka ku chechi nizachipeleka ku chishala, kotayila vinyalala, nichishoke."

Atate anali akumata chubu. Sanadzutse mutu msanga.

"Akudwala, Kate," anatero. "Amako atadwala tinawataya?"

"Bamai sibenze chimtengo!"

Anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kukakhala pampando wa pafupi ndi windo. Ndinawaona kudzera pa chitseko atagwira m'mphepete mwa ndowa ija. Ndinachoka ndili wokwiya, koma ndinadziwa kuti ndikawotcha mtengowo ndiwotcha chinthu chomaliza chimene chinkawadzutsa m'mawa.

Nzeru imene ndinapeza inali yowagulira mtengo wina wofanana nawo. Lachisanu ndinapita ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu, pamene anthu amagulitsa miphika ya simenti ndi maluwa. Kumeneko kunali Ba Salome, mayi wamkulu wojintcha amene ankasesa m'maofesi a kampani yomwe ija atate ankagwira. Ntchito itatha anayamba kubzala maluwa m'mapepala a pulasitiki n'kumagulitsa kwa anthu a magalimoto. Ankandidziwa kuyambira ndili mwana. Nditawauza chimene ndinadzera, anasiya kuthirira.

"Uja wa mu ofesi ya manija? Akali moyo? Uja ninamulela ine, kuchokela ali kamwana so." Anaonetsa ndi dzanja msinkhu wa bondo. "Manje iwe ufuna kumushoka chifukwa chani?"

Ndinawauza za kumata, za nyerere, ndi za misozi.

"Misozi!" Anaseka mpaka chitenje chinamasuka. "Bana ba masiku yano, vonse ni vibanda. Sinizakugulisa chilichonse. Mailo kuseni nibwela nimuone neka."

Loweruka m'mawa tinakumana pa mphambano n'kufika limodzi. Ine ndinali ndisanafikepo kwa atate m'mawa chotero chimwalirireni amayi. Tinawapeza atavala taye, atakhala pawindo. Pa tebulo panali makapu awiri, yawo ndi yobenthuka ija, onse odzaza, akufuka nthunzi. Atationa anafuna kubisa imodzi kuseri kwa wailesi, koma anachedwa.

Ba Salome anachita ngati sanaone. Anapereka moni, anapepesa maliro, kenaka anapita kwa Ba Manija. Sanayang'ane pamwamba pa masamba pamene ine ndinkayang'ana. Anatembenuza tsamba limodzi n'kundiitana.

"Bwela uone misozi yako."

Kunsi kwa tsamba, motsatira mtsempha wapakati, kunali timatuza tofiirira, tating'ono ngati nthanga za mpiru, tambirimbiri. Tina tinali pa tsinde. Ine ndikanati ndi khungwa chabe. Ba Salome anakanda kamodzi ndi chikhadabo, kanachoka, ndipo atakafinya kanatuluka madzi.

"Utu ni tudoyo. Situyenda, tumangomamatila na kuyamwa manzi ya mu mtengo. Tukakhuta tumataya manzi yonzuna, ndiye yamene yamata pa masamba na pansi apa. Ivi vakuda ni chuku chamene chimamela pa vonzuna. Nyelele zimabwela kudya, elo zimatusunga utu tudoyo monga ng'ombe zao." Anatembenukira kwa atate. "Kudala nindani enze kupukuta masamba?"

"Rosemary. Loweruka lililonse."

"Ndiye chifukwa tunalibe mpata."

Kenaka anagwada n'kufukula dothi ndi chala. Nyerere zinatuluka zambiri, zina zitanyamula mazira. Ananunkhiza chalacho, nachita tsinya.

"Koma izi zamanga na nyumba mukati. Ba Jameson, mumathilamo chani umu?"

Atate anayang'ana pansi n'kuyamba kulankhula.

"Ndine ndawadwalitsa, a Salome. Musavutike kufufuza. Ndi shuga." Analoza makapu aja. "M'mawa ndimapanga makapu awiri, dzanja linazolowera. Tsiku loyamba nditathira tiyi wa Rosemary ndinaganiza kuti, zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikumumana, tsopano adokotala amuletsanso chiyani? Ndinamuthirira masipuni atatu. Utazizira ndinapatsa a Manija, monga ankachitira mwini wake. Tsiku lililonse choncho. Kenaka ndinaona nyerere. Ndi mmene zinayambira kwa Rosemary, nyerere. Ndinanyambita tsamba, ndinamva kutsekemera. Ndinadziwa kuti ndawapatsa matenda omwe aja. Ndinachepetsa mpaka sipuni imodzi, koma kuleka ndalephera. Ndikati ndileke ndimamva akupempha."

Ine ndinali nditaima pakhomo ndi tsache m'manja. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo. Miyezi iwiri yathunthu bambo anga ankamwa tiyi ndi mtengo, mwana wawo akudutsa kuseri kwa nyumba kuthamangira mabelo a salaula. Ndinkawerenga mabowo a lamba wawo, koma sindinafunsepo kuti m'mawa amakhala ndi yani.

Ba Salome sanaseke, ngakhale ndi munthu woseka chilichonse. Anakhala pa mpando wa amayi.

"Ba Jameson, mvelani. Mtengo siudwala shuga. Shuga wanu sanakwele mu masamba, iyayi. Utu tudoyo tunabwela tweka, kapena na mphepo, kapena pa vovala. Mulandu wanu ni umozi chabe: munaitana nyelele, nyelele zasunga tudoyo. Aya matenda yapola. Si yaja."

"Apola?"

"Yapola. Koma ni nchito. Vulani tayi."

Aka kanali koyamba kuona atate akuvula taye dzuwa lili m'mwamba. Tinanyamula Ba Manija atatu n'kukawaika pamthunzi kuseri kwa nyumba. Ba Salome anandituma madzi ofunda m'beseni, sopo wa mtanda wochapira, kansalu, ndi mswachi wakale. Anasungunula sopo pang'ono mpaka madzi anachita thovu lochepa, nati asachuluke chifukwa amawotcha masamba. Anadula masamba anayi amene anali atatheratu n'kundiuza kuti amenewo ndiwo ndikawotche, popeza ndinali ndi chilakolako chowotcha. Kenaka anaonetsa atate kagwiridwe: dzanja limodzi kunsi kwa tsamba, lina kupukuta kuchokera ku tsinde kupita kunsonga, n'kutembenuza. M'makona mmene nsalu sinkafika ankapalamo ndi mswachi. Tizilombo tokanirira ankatikhudza ndi thonje loviika mu sipiriti, uja atate ankayatsira pulaimasi.

Ba Salome atachita masamba awiri, atate anawalanda nsalu. Anapukuta okha onse otsala, limodzi limodzi, osafulumira, ndipo pofika pakati ndinamva akung'ung'uza nyimbo ya kwaya ija. Ine ndinapita kukatunga madzi amene sitinkawafuna, kuti asandione nkhope.

Dothi lonse tinalitaya kutali. Ba Salome anatsuka mizu, anatsuka ndowa, n'kuikamo dothi latsopano limene anabwera nalo m'thumba. Anatsukuluza masamba ndi madzi oyera. Ine ndinakolopa pawindo ndi sopo mpaka njira ya nyerere inafafanizika. Pobwezera Ba Manija m'nyumba, anaika njerwa m'chivundikiro cha diramu, anathira madzi mozungulira, n'kukhazika ndowa pa njerwapo kuti nyerere zisowe powolokera.

"Pa Chibelu chilichonse, siku yamene benze kupukuta ba Rosemary, muzipukuta so, mpaka mvula ikagwe bwino," anatero. "Tumasiya mazila, tuzabwelanso. Mukalema, twawina."

Atate anavomera ndi mutu. Kenaka anayang'ana pa tebulo, pamene makapu aja anali atazizira.

"Nanga tiyi?"

"Masamba ya tiyi na manzi, pang'ono, monga mwamene benze kuchitila ba Rosemary. Koma wa shuga iyayi."

"Ndiye ndimumanenso kachiwiri," anatero atate motsitsa mawu. Sankafunsa munthu.

Ba Salome anamanga chitenje chawo, anatola thumba lawo. Ali pakhomo anati, "Tiyi wa shuga ni wa banthu, ba Jameson. Afunika munthu wakumwa." Ananena akuyang'ana ine, ndipo sanaphethire.

Lamlungu palibe chinawotchedwa kupatula masamba anayi aja. Kafula atandifunsa ndinamuuza kuti misozi yake ili ndi miyendo, ndipo sanandilankhule mpaka Lachitatu.

Lolemba ndinadzuka msanga kuposa masiku onse. M'malo modutsa kuseri ndinakhota n'kugogoda. Atate anatsegula atavala kale taye. Sanadabwe, kapena anabisa kudabwako. Ba Manija anali pawindo, masamba ochepa koma oyera, ndipo pansi sipankamata. Pa tebulo panali makapu awiri.

Ndinakhala pa mpando wa amayi. Atate anathira tiyi m'kapu yawo, kenaka m'yobenthuka ija, n'kuikankhira kwa ine. Anathira madzi ozizira mu tipoti, anapita pawindo, n'kukhuthulira pang'ono pa dothi.

"Pepani a Manija," anatero. "Adokotala akaniza."

Atabwerera anatulutsa kiyi m'thumba, anatsegula sutikesi, n'kubwera ndi chitini cha shuga. Chinali chikukhomedwabe, ngakhale m'nyumbamo munalibenso womubisira. Anathira masipuni awo atatu. Kenaka anatapa ina n'kuimitsa dzanja pamwamba pa kapu ya amayi.

"Ndiwe mwana wa amako, magazi ndi omwewo," anatero. "Sindikupatsa atatu."

"Nimvela, batate."

"Kasipuni kamodzi chabe."

Anathira, natakasa okha, osatembenukira kukhoma. Sipuni inalira m'kapumo mpaka shuga yense anasungunuka, ndipo ine ndinamwa wonse.